M'kamwa Mukayera

Ntchito yanga ndi yophika, ndiye zowola si zachilendo kwa ine. Ndikatsegula furiji ndimadziwa kuti msuzi wa dzulo wasasa ndisanaulawe n'komwe, ndipo buledi akachita chuku ndimataya osayang'ana kawiri. Koma zoti chuku chingamere m'kamwa mwa munthu wamoyo, munthu woti akuyenda, akuseka, akunyamula mbale pathireyi, sindinkazidziwa mpaka tsiku limene alamu anga anandiyasamulira kuseri kwa khitchini. Mpaka lero ndikakumbuka thupi limachita tsembwe.

Alamu angawo ndi amuna a achemwali anga aakulu. Pa lesitilanti pomwe tinkagwira ntchito limodzi iwo ankaperekera zakudya, ndipo aliyense, kuyambira abwana mpaka makasitomala, ankawatchula kuti a Ndamva. Dzinalo analiputa okha. Kasitomala akamaitanitsa chakudya, iwo sankalemba paliponse. Tebulo likhoza kudzaza, wina akufuna nkhuku yopanda khungu, wina mazira osapsetsa, wina mpunga koma msuzi pambali, wina n'kusintha maganizo pakatikati, iwo ali chilili, manja kumbuyo, mutu utapendekera kumanzere. Onse akatha ankangoti, "Ndamva." Akatero ankabwera pa kawindo kolumikiza chipinda chodyera ndi khitchini n'kundikhuthulira zonse mwandondomeko, ndi mawu aakulu omveka mpaka kumsewu. Ogulitsa nyuzi panja ankadziwa kuti tebulo la pakona ladya chiyani.

Kufunsa kawiri ankakuona ngati kutukwana. Operekera zakudya anzawo akabwerera pa tebulo kukafunsanso, alamu ankawadikirira pa kawindo. "Munthu wabwera ndi njala, iwe n'kumamuuza kuti abwereze? Makutu unawasiya kunyumba?" Ambiri sankakhalitsa.

Sukulu analekezera panjira bambo awo atamwalira. Anabwera m'tauni ali mnyamata, n'kuyamba kutsitsa makileti a zakumwa m'malole. Lesitilanti yathuyi inali imodzi mwa malo omwe ankatsitsako, ndipo bambo a abwana athu, omwe ndiwo anaiyambitsa, anaona kuti kamnyamatako kamakumbukira sitolo iliyonse yatenga zingati popanda pepala. Anakapatsa jekete yoyera yomwe inkafika m'mawondo. Kuyambira pamenepo moyo wawo unakhala wa pakati pa matebulo ndi kawindo kaja. Achemwali anakumana nawo pomwepo, akubweretsa matimati ndi anyezi kukhomo lakumbuyo. Anabereka ana aakazi awiri, onse ali pabanja tsopano. Ine banja langa litatha, ndi iwowo amene anandipezera malo m'khitchinimo, ndipo kuyambira tsiku loyamba ankanditchula kuti mkazi wawo wamng'ono, ine n'kumawathamangitsa ndi chipande.

Sindinganame kuti anali mngelo. Fodya ankasuta ngati chumuni, ndipo malo awo osutira anali pafupi ndi masilinda a gasi, ine n'kumakuwa tsiku ndi tsiku kuti adzatiphulitsa tonse. Makasitomala akasiya zakumwa zaukali m'matambula, alamu ankazimalizira panjira yopita kosinki, ati zinthu zodula sizitayidwa. Sankaledzera, koma sindikukumbuka tsiku limene anaweruka kukhosi kuli gwa. Makani anali nawo okwanira anthu atatu. Komabe khitchini ikatentha, mafuta akuthetheka, abwana akulusa, mawu awo pa kawindo ndiwo ankandigwira mtima. Sindinkayang'ana n'komwe. Manja anga ankangotsatira.

Zinayamba ndi tsabola. Munthu amene ankathira tsabola ngakhale m'mazira anayamba kukankhira botolo kutali. Tiyi ankamusiya mpaka azizire ngati wa mwana. Ine ndinkawaseka kuti ukalamba wawapeza, achemwali ayambe kusaka wina. Kenako kunabwera fungo. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi ngalande ya kuseri, moti ndinathiramo madzi otentha ndi sopo masiku angapo. Tsiku lina masana ndinasuzumira pa kawindo n'kuona mayi wina wovala bwino akubwezera mpando m'mbuyo alamu atawerama kuti amve, kansalu kopukutira ali nako pamphuno. Apo ndinadziwa kuti fungolo silinali la ngalande. Alamu atabwera ndinawakokera kuseri.

"N'chiyani mkazi wanga, mwandisowa kale?"

"Musandipumire. M'kamwa mwanumo mwafera chiyani?"

Anaseka, koma ataona nkhope yanga kuseka kunatha. "Zoona, alamu?"

"Zoona. Tayasamulani."

Anayasamula. Abale inu! Lilime lonse, m'masaya, mpaka kumwamba kwa m'kamwa, munali mutayera mbee ngati wina wapakamo mkaka wowundana. Ndinatenga supuni n'kupala pang'ono. Zoyerazo zinachoka, pansi pake panali pofiira psuu, timagazi tikutuluka. Ndinangoima kakasi, supuni m'manja, osadziwa kuti ndiikenso pati. Pomaliza ndinaiponya m'bini.

Achemwali ataziona madzulo ake, maganizo awo anathamangira ku matenda aja aliyense amaopa. Anawakokera koyezetsa magazi, njira yonse akuwawerengera azimayi onse amene anamwetuliridwapo pa lesitilanti. Magazi anapezeka abwinobwino. Achemwali sadziwa kupepesa ndi pakamwa, choncho anawasitira jekete mpaka inkaima yokha, n'kuwatumiza kuchipatala chachikulu.

Anapita okha, chifukwa tonse tinali pantchito. Anabwerako dzuwa litapendeka ndi kabotolo ka madontho achikasu ndi botolo lina la mankhwala ochukuchira. Anati anthu anali ambiri mpaka m'khonde, dokotala wake anali mlendo wosadziwa chiyankhulo chathu, moti namwino ndiye ankamasulira, uku akuitana kale wodwala wotsatira. Ine ndinafunsa kuti awauza chiyani. Anaima pa kawindo, manja kumbuyo, n'kuzinena monga ankanenera oda ya kasitomala.

"Ati ndi fangasi, chuku chomera m'kamwa. Madonthowa ndizivumata ndikatha kudya, enawa ndizichukucha m'mawa ndi madzulo. Fodya ndisiye. Ati m'kamwa mukayera mubwere msanga, musachedwe."

"Basi?"

"Basi. Ndamva."

Tonse tinamva bwinobwino, ine, achemwali, ngakhale abwana: zoyerazo zikadzabwereranso, athamangire kuchipatala. Mankhwala aja anali amphamvu. Sabata isanathe zoyera zonse zinali zitapita, fungo litachepa, m'kamwa muli mofiira ngati mwa munthu wina aliyense. Fodya anasiyadi tsiku lomwelo, chifukwa anali atauzidwa. Zimene ine ndinalephera kuwasiyitsa ndi mfuu ya zaka zambiri, namwino anazitha ndi mawu awiri, ndipo zinandinyansa pang'ono.

Kuyambira pamenepo anayamba mwambo wawo wa m'mawa. Akafika ankatenga thireyi yachitsulo, n'kuipukuta mpaka iwale, n'kutulutsa lilime kudziyang'anira. "Simunayere, alamu. Tili bwino." Sankaphonya tsiku. Sindinaonepo wodwala womvera dokotala ngati ameneyu.

Koma bwino panalibe. Chakudya ankatafunira mbali imodzi. Anayamba kudandaula khutu lakumanja, ati likubaya mkati, n'kumaikamo thonje. Mawu anayamba kulemera. Tchipisi inasanduka "shipishi", moti abwana tsiku lina anawanunkhiza kuti aone ngati amwa m'mawa. Pa kansalu kawo kopukutira pakamwa ndinayamba kuona madontho a magazi. Thalauza inayamba kuwakulira, lamba anaboola dzenje lina ndi msomali. Nyengo yamvula ikuyamba, pansi pa chibwano panatuluka chotupa cholimba ngati mwala. Achemwali analira, ananyengerera, anawopseza kuti apita kwawo, koma zonse zinangopita pachabe. Ine ndinaganiza kuti mwina ukali wanga uthandiza.

"Alamu, khosi latupa ilo. Pitani kuchipatala."

"Mwayera?" Anatulutsa lilime. "Taonani nokha. Mwayera?"

"Simunayere, koma munthu akutha uyu ndi ndani?"

"Ndiye ndikawauze chiyani? Anthu aja ali ndi odwala enieni, ena agona pansi. Ine ndikangofika andifunsa kuti tinakuuzani kuti mubwere liti. Ndioneke ngati wosamva? Khosi ndi dzino ili, lizulidwa likafuna."

"Makani anuwa adzakuphani."

"Mudzasangalala, mudzatenga jekete yanga."

Ndinaona kuti lilime silinkatulukanso lonse, linkakhotera mbali imodzi, koma pamwamba pake panali pofiira ndithu. Ndinapsa mtima, ndinamenyetsa chivindikiro cha poto, n'kuwasiya. Munthu wamkulu sungamumange chingwe.

Mvula inagwa mpaka inatha. Ndiye m'mawa wina anabwera kukhomo lakumbuyo atavala malaya awo opitira kutchalitchi, nsapato zitapolishidwa, nkhope ngati ya munthu amene basi yake yafika. "Mwayera, alamu! Usiku umodzi wokha, mbee. Ndikupita pompano." Achemwali anali atagona ndi mutu waching'alang'ala, choncho ndinavula epuloni n'kuuza abwana kuti lero aphike okha. Panjira alamu ankayenda mofulumira moti ndinkachita kuwathamangira. Ati anauzidwa kuti asachedwe.

Dokotala wa tsikulo anali mayi wakwathu konkuno, wa imvi pang'ono, woyankhula mofatsa. Ine ndinaima kumbuyo kwake nditanyamula chipewa cha alamu. Anayang'ana zoyerazo n'kugwedeza mutu. Kenako anagwira nsonga ya lilime ndi kansalu, n'kulikokera pambali, n'kuwunika ndi tochi pansi pake, kufupi ndi mano akumapeto. Alamu anabuula. Ine ndinaona zimene sindinayenera kuona. Panali chilonda chakuya, chachikulu ngati chivindikiro cha botolo la mafuta ophikira, m'mbali mwake mutatukuka ngati nyama yopserera, pakati pali potuwa ndi pakuda. Fungo linadzaza kachipinda konse. Ndinatsamira khoma. Miyezi yonse ija munthu ankayang'ana pamwamba pa lilime, chinthucho chikumudya m'mbali.

Dokotala anazimitsa tochi. "Bambo, chilonda ichi mwakhala nacho nthawi yaitali bwanji?"

"Nditabwera koyamba kanali kakang'ono ngati nyemba."

"Munabwerapo kale kuno? Ndiye sanakuuzeni kuti mubwerenso?"

"Anandiuza. Ndi awo a nesiwo." Analoza namwino amene ankalowa ndi beseni. Woperekera zakudya saiwala nkhope. Anali mtsikana wamng'ono ndithu, wa msinkhu wa mwana wawo wachiwiri.

"Nanga munali kuti nthawi yonseyi, bambo?"

Alamu anadzuka pampando, anaika manja kumbuyo, n'kunena ndi lilime lawo lolemeralo, liwu ndi liwu. "Anati m'kamwa mukayera mubwere msanga, musachedwe. Mwayera usiku wathawu. Lero ndabwera."

Namwino uja anayang'ana alamu, anayang'ana dokotala. Anaika beseni pa tebulo n'kukhala pa kampando ka odwala ngati wina wamukankha.

"Mayo ine," anatero. "Bambo, ine ndinkatanthauza mukayera, zoyerazo zikachoka. Mukakhala moyera, mopanda, mukayera bwinobwino..." Analekera pomwepo n'kugwira pakamwa. Ankayesa kulithawa liwulo koma linkamubwererabe.

Mutu wanga unaima. Ine ndimatsuka mapoto mpaka ayere. Ndimagula ufa woyera. Liwu limenelo ndimalinena kambirimbiri patsiku, m'njira zonse ziwiri, ndipo silinandisokonezepo ngakhale kamodzi. Dokotala mlendo uja anali ataona kachilonda kaja ndipo anakakayikira, koma chuku chinali chitakuta paliponse moti sakanaona bwino pomwe kayambira ndi pomwe kathera. Ankafuna m'kamwa muyambe mwayera, mopanda zoyerazo, kuti adule kachidutswa akayeze. Ankawayembekeza pakatha masabata awiri. Alamu anafika patatha nyengo yonse yamvula, nsapato zitapolishidwa.

Dokotala anawakhazika pansi n'kuyankhula pang'onopang'ono. "M'kamwa mwa munthu aliyense muli tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya ndi fangasi. Mwa ine muli, mwa alamu anuwa muli. Sitivuta. Koma pakakhala chilonda chotere timapeza pobisala ndi chakudya, ndiye timaswana mopanda malire. Fungo ili ndi mabakiteriya, akudya mnofu wakufa. Zoyerazi ndi fangasi. Zimenezi kuzichotsa si nkhani, munaona nokha. Chimene chikundiopsa ndi chomwe chili pansi pake."

Anapala zoyerazo ndi kamtengo ka thonje kuti akaone kuti ndi tizilombo tamtundu wanji, anaperekanso madontho aja, ndipo nthawi ino kachidutswa anadula osadikira. Titabwerera kukamva zotsatira tinapita atatu, achemwali ali pakati. Inali khansa. Achemwali anakuwa kamodzi, kukuwa kwa munthu woponda moto. Dokotala sanabise. Anati akanabwera nthawi ija, mwina akanangochotsa kachigawo kakang'ono, munthu n'kumayankhula ngati kale. Tsopano ankayenera kuchotsa mbali yaikulu ya lilime pamodzi ndi zotupa za m'khosi.

"Ndidzayankhula?" alamu anafunsa.

"Mawu adzatuluka. Koma osati monga mukuyankhuliramu."

Ndinadikira liwu lawo lija. Silinabwere. Maso anali pa nsapato. Kenako anadzutsa mutu n'kuti, "Adokotala, mubwereze." Dokotala anabwereza zonse kuyambira pachiyambi.

Potuluka tinakumana ndi namwino uja m'khonde. Ine sindinathe kudzigwira. Ndinamutsekera njira n'kumuuza zonse zimene zinali kukhosi kwanga, kuti pakamwa pake padula lilime la munthu, kuti mawu ankamuthera chiyani, kuti akanawonjezera atatu okha akanafa? Odwala pa benchi anatembenuka onse. Mtsikanayo misozi inkangoyenderera. Alamu anandigwira mkono, ndipo ngakhale anali ataonda, dzanja lawo linali lolimba.

"Musiyeni mwanayu. Iyeyu ananena bwino. Inenso ndinamva bwino."

"Ndiye walakwa ndani?"

Anavala chipewa n'kutsogola. Funso limenelo ndimagona nalo mpaka pano, ndipo limandikwiyitsa kwambiri chifukwa palibe munthu woti ndimugwire pakhosi.

Opaleshoni isanachitike anayamba ndi kulimbana ndi tizilombo tija, ati bala silingapole m'kamwa mwauve. Mano owola a mbali imeneyo anazula onse. Masiku amenewo alamu anayankhula kwambiri kuposa kale lonse, ngakhale liwu lililonse linkawapweteka. Anaimbira foni ana awo, anzawo akale otsitsa makileti, ngakhale munthu wina amene anakangana naye zaka zapitazo pa nkhani ya njinga. Achemwali ankawauza kuti apumule, iwo ankati adzapumula mokwanira.

Atatuluka ku opaleshoni ndinachita kufunsa kuti bedi lawo ndi liti, ndili chiimire pafupi nalo. Nkhope inali itatupa, khosi litasokedwa kuyambira kukhutu mpaka pansi pa chibwano, kapaipi kodyera kali m'mphuno. Kenako kunabwera kuwotcha khansayo ndi makina, komwe kunaumitsa malovu onse. M'kamwa mouma ndi momwe fangasi amakonda, tinauzidwa, ndipo zoyera zija zinkabwera, kuchoka, kubweranso. Achemwali ankakulunga kansalu koyera kuchala, n'kukaviika m'madzi ofunda amchere, n'kumapukuta pang'onopang'ono m'mawa, masana ndi madzulo, alamu maso ali kudenga. Akamaliza ankapita kuseri kwa nyumba kukasanza mwakachetechete kuti amuna awo asamve. Ine ndinkaphika mbatata ndi nyama mpaka zisungunuke, n'kusefa, n'kubweretsa m'fulasiki. Ndinkathira mchere bwinobwino mwachizolowezi, ngakhale ndinkadziwa kuti sakumva kukoma kulikonse.

Namwino uja ankabwera ku wodi pa nthawi yake yopuma, ngakhale sikunali kumalo kwake kwa ntchito. Ankabweretsa mankhwala ochukuchira, ankaphunzitsa achemwali kapukutidwe. Ine sindinkamupatsa moni. Tsiku lina ndinamumva akuuza wodwala wina pa bedi loyandikana kuti, "Zoyerazi zikachoka, zikatha, m'kamwa mukakhala mofiira ngati mwa munthu wabwinobwino, mubwere. Tandiuzani, ndati chiyani?" Mawa lake ndinamusunthira pa benchi kuti akhale.

Mawu anabwereradi, monga dokotala ananenera, koma anali a munthu wina. Mawu otuluka pamilomo ankamveka: amayi, mawa, pepa. Ena onse, ofuna lilime, ankangokhala phokoso lonyowa lochokera kukhosi. Achemwali anaphunzira kumva zapakhomo, madzi, bulangete, tsekani chitseko, koma makamaka ankamva ndi maso. Alendo akabwera ankagwedeza mitu mwaulemu n'kumati eya, eya, pa zinthu zosayenera eya. Alamu ankaona zonsezo.

Komabe atapeza mphamvu pang'ono anayamba kuloza jekete yawo pa msomali. Achemwali anakana, ine ndinakana, koma ndanena kale za makani awo. Abwana anakanda mutu nthawi yaitali, kenako anavomera kuti abwere tsiku lina masana, nthawi imene anthu amakhala ochepa, tione. Achemwali anaibweza jekete m'mbali kuti iwakwane, n'kukweza kolala kuti ibise chipsera. M'thumba anawaikira kabotolo ka madzi onyowetsera m'kamwa.

Alamu anafika molawirira. Anapukuta mathireyi onse, anakonza mipando imene inali yokonza kale. Khitchini yonse tinkayenda ngati pali mwana wogona. Kenako kunalowa azibambo awiri ovala zovala za kampani ya magetsi, anthu achilendo osawadziwa, n'kukhala pafupi ndi khomo. Ndinasuzumira. Alamu anapita, anaima chilili, manja kumbuyo, mutu utapendekera kumanzere. Azibambowo anayankhula, wina akuloza ndi dzanja kuti chakuti ayi. Alamu anawerama pang'ono n'kutembenuka. Ndinawaona akubwera ndi mayendedwe awo akale, ndipo mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe chopusa. Ndinaika mafuta pamoto.

Anafika pa kawindo, anakoka mpweya, anatsegula pakamwa.

Phokoso limene linatuluka linali lalikulu ngati kale. Mphamvu ya pachifuwa inalipo yonse. Koma munalibe liwu ngakhale limodzi. Azibambo aja anatembenuka. Otsuka mbale analeka kutsuka. Manja anga, amene kwa zaka zoposa makumi awiri ankayamba okha ntchito mawu amenewa akamveka, anangolendewera.

"Alamu," ndinatero, "mwati bwanji?"

Anatseka maso. Anabwereza, pang'onopang'ono, mitsempha ya pakhosi itatuluka. Ndinatchera khutu mpaka mutu unapweteka.

"Nkhuku?"

Anapukusa mutu.

"Nsomba? Nyama ya ng'ombe? Mazira?"

Anamenya thabwa la pa kawindo ndi chikhatho, mabotolo a mchere n'kugwa. Mafuta anayamba kufuka utsi kumbuyo kwanga. Ndinkaona m'maso mwawo kuti oda yonse ili m'mutu, yathunthu, yopanda cholakwika, koma ikulephera kudutsa kawindo koti mbale imadutsa mosavuta. Ndinachita mantha, mantha enieni, ngati ndikuona munthu akumira ine ndili pamtunda.

Anazungulira n'kulowa m'khitchini. Anatsegula furiji, anatulutsa chiwindi, n'kuchiika pa thabwa langa lodulira. Anaonetsa zala ziwiri. Analoza mpunga, chala chimodzi. Analoza tchipisi, chala chimodzi. Anatenga anyezi, anamuika pafupi ndi mpunga, n'kumuchotsa, n'kupukusa mutu. Ndinaphika misozi ikugwera pa epuloni, ndikunamizira utsi. Ananyamula mbalezo okha. Azibambowo anadya, analipira, anapita, ndipo mmodzi potuluka anafunsa abwana motsitsa mawu kuti mdala uja bwanji.

Alamu sanabwererenso pa kawindo. Anadutsa m'khitchini osayang'ana aliyense, anamasula mabatani a jekete, anaipinda bwinobwino n'kuiika pa thumba la mpunga. Ndinawapeza kuseri atakhala pa kileti. Ndinawatengera madzi m'kapu.

Sanalandire. Anandiyang'ana m'maso n'kuyamba kuyankhula. Anayankhula nthawi yaitali, motsitsa, dzanja limodzi lili pachifuwa, lina likuloza kukhitchini, kenako kwa ine, kenako kutali kumsewu. Penapake anaseka pang'ono. Penapake mawu ananjenjemera, anaima, anameza movutikira, n'kupitiriza. Zinali zinthu zimene anaziganizira kale, zoti andiuze ineyo osati wina. Ndinamvetsera ndi thupi langa lonse. Sindinatolepo kanthu, ngakhale liwu limodzi.

Atamaliza anadikira yankho langa. Ine ndinangoima ndi kapu m'manja, pakamwa pali yasa. Kunama kuti eya sindikanatha, munthu ameneyu ndi wondidziwa. Kuwauza kuti abwereze kachiwiri tsiku limodzi, pakamwa panga panakana. Anandiyang'ana mpaka anaona okha. Anagwedeza mutu pang'ono, analandira kapu, anapendeketsa mutu chagada monga anawaphunzitsira kuchipatala, n'kumwa. Madzi ena anatsikira pa malaya.

Madzulo ake ndinapita kukafunsa achemwali ngati anawauzako chilichonse. Anati ayi, anangofika n'kuvula nsapato n'kugona. Alamu alipo, amakhala pakhonde, ndipo ndimapitako Lamlungu lililonse ndi fulasiki. Amandilandira bwino, amandisunthira mpando. Zimene anandiuza pa kileti paja sanazinenenso.